Tindalama ta Mwana wa Sukulu Tisungidwe Kuti?

Mwezi wathawu tidalandira kalata yochokera kwa mayi wina wa m'boma la Dedza, amene mwana wake wamkazi ali m'chaka chachiwiri ku sukulu ya ukachenjede. Mayiyu akusimba kuti pa tchuthi chachikulu mtsikanayo adagwira ntchito yogulitsa kachewere m'mbali mwa msewu, ndipo atachotsa zonse zofunika adatsala ndi K20,000. Pofuna kuti ndalamayo isathere m'zinthu zachabe, adakatsekula akaunti ku banki ina, naiika m'menemo, nalumbira mumtima mwake kuti saikhudza kufikira tsiku la vuto. Tsiku la vutolo lidafikadi patapita miyezi khumi, pamene kumudzi kudagwa maliro ndipo padafunika ya ulendo. Koma atapita kukatapa, adapeza kuti yotsala sikukwana ndi theka lomwe la imene adaika. Mayiyu akutsiriza kalata yake ndi funso lalifupi: kodi mwana wanga adamubera?

Tikuyankha pano, pamaso pa awerengi onse, chifukwa tikudziwa kuti nkhawa imeneyi si ya banja limodzi lokha. Yankho lathu ndi lakuti mwanayo sadaberedwe monga umo mbala ibera. Ndalama yake idatuluka pa khomo limene iye mwini adavomereza tsiku limene adasaina mapepala aja osawawerenga. Mwezi ndi mwezi banki inkadula kangachepe monga malipiro osungira akaunti, pamodzi ndi tina ta khadi ndi ta mauthenga a pa foni, ndipo popeza panalibe china cholowa, kudulako kudadya mpamba weniweniwo. Nkhani yathu mwezi uno ndi imeneyi: munthu wosunga zochepa asayambe wafunsa kuti banki idzampatsa zingati, koma ayambe wafunsa kuti idzamdula zingati.

Ife amene imvi zayamba kutituluka tidakula ndi chithunzi china cha kusunga ndalama. Tikukumbukira kabuku ka Post Office Savings Bank, kamene munthu ankapita nako ku positi ofesi, kalaliki nalembamo ndi cholembera, nadinda chidindo. Chilichonse cholowa ndi chotuluka tinkachiona ndi maso athu pa tsamba limodzi. Masiku amenewo kwacha inali yatsopano, popeza idalowa m'malo mwa paundi mu 1971, ndipo tambala inali ndalama yogula kanthu. Banki ya ku positi ija idasanduka Malawi Savings Bank, imenenso mu 2015 idagulitsidwa kwa a FDH. Kabuku kaja kadapita, ndipo m'malo mwake mudadza khadi, makina otapira ndalama ndi foni ya m'manja. Zinthu zimenezi n'zabwino ndipo zafupikitsa maulendo ambiri, koma zabisa ku maso athu tsamba lija limene tinkawerengapo zotuluka. Motero makolo ambiri tikulangizabe ana athu ndi nzeru ya masiku a kabuku, yakuti ndalama ikangofika ku banki ndiye kuti yayamba kukula. Lero nzeru imeneyi ifunika kuionjezera.

Tisafulumire kuweruza mabanki ngati kuti kudula kulikonse ndi nkhanza. Kusunga akaunti kuli ndi mtengo wake: pali antchito olandira malipiro, alonda, magetsi, makompyuta ndi galimoto zonyamula ndalama. Chofunika kuchimvetsa ndi chakuti mtengo umenewu suyang'ana kukula kwa ndalama imene ili mu akauntimo. Ntchito yosamala akaunti ya mwana wa sukulu ndi yosamala akaunti ya mwini sitolo yaikulu sisiyana kwenikweni, n'chifukwa chake malipiro ambiri amakhala oikika, ofanana kwa onse. Koma chinthu chofanana kwa onse sichipweteka onse mofanana. Munthu akatapa chikho chimodzi cha chimanga m'nkhokwe yodzaza, mwini nkhokwe sazindikira n'komwe. Akatapa chikho chomwecho m'lichero la mayi amene akupeta chakudya cha tsiku limenelo, ana agona ndi njala.

Tiyeni tiike nkhaniyi m'masamu, popeza masamu sanama. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza, si a banki ina iliyonse, ndipo wowerenga aliyense aikepo manambala enieni amene adzauzidwa kumene akufuna kusungitsa. Tiyerekeze kuti mnyamata wina akusunga K5,000 kumayambiriro a mwezi uliwonse. Pakutha pa chaka waika K60,000. Banki yoyamba yamulonjeza chiongoladzanja cha K5 pa K100 iliyonse pa chaka, koma ikudula K1,000 mwezi uliwonse. Popeza ndalama ya mwezi woyamba yokha ndiyo yakhala chaka chathunthu, pamene ya mwezi wotsiriza yakhala mwezi umodzi, chiongoladzanja chonse sichipitirira K1,625. Zodula zakwana K12,000. Mnyamatayu, amene wadzimana chaka chonse, atuluka ndi ndalama yosapitirira K49,625, kutanthauza kuti wataya yoposa imene adasunga m'miyezi iwiri.

Tsono tiyerekeze banki yachiwiri, imene chiongoladzanja chake n'chotsika, K3 yokha pa K100 iliyonse, koma siidula kanthu pa mwezi. Pakutha pa chaka mnyamata yemweyo apeza chiongoladzanja cha K975, ndipo atuluka ndi K60,975. Taonani: banki imene idalonjeza zambiri yamsiya ndi zochepa, ndipo kusiyana kwake n'koposa K11,000. Akadangoyang'ana chikwangwani cholengeza chiongoladzanja, akadasankha yoyamba, nadziyesa wochenjera. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Komanso tiyerekeze wamalonda amene wasungitsa K5,000,000 ku banki yoyamba ija. Iye chiongoladzanja chake pa chaka ndi K250,000, ndipo K12,000 yodulidwayo saimva kuwawa. Kwa iye banki yoyamba ndiyo yabwino. Apa tikuona kuti palibe akaunti yabwino kwa aliyense, ndipo malangizo a amalume a malonda, ngakhale ali oona kwa iwo, angathe kusocheretsa mphwawo wa ku sukulu. Pali muyeso wapafupi umene wophunzira aliyense angadziwerengere yekha. Aphatikize zodula zonse za chaka, kenaka adzifunse kuti ndi ndalama zingati zimene ziyenera kukhala mu akaunti chaka chonse kuti chiongoladzanja chibweze zodulazo. M'chitsanzo chathu, K12,000 pa chiongoladzanja cha K5 pa K100 ifuna K240,000 yokhala osakhudzidwa. Amene ndalama yake siifika pamenepo adziwe kuti mu akaunti yotere sakusunga, akulipira lendi.

Nanga wophunzira akafika pa kauntala afunse chiyani? Choyamba apemphe mndandanda wa zolipiritsa. Banki iliyonse ili nawo wolembedwa, ndipo kuupempha si mwano. Ndi ufulu wa munthu amene akufuna kupereka ndalama yake m'manja mwa wina. Ana athu ambiri amachita manyazi akalowa m'nyumba zozizira zija, poona antchito ovala mataye, ndipo amangovomera chilichonse kuti atuluke msanga. Koma safunsa adadya phula. Mndandandawo autenge, akauwerenge ali phee kunyumba kapena ku hositelo, ndipo achite chimodzimodzi ku mabanki awiri kapena atatu asanasankhe.

Chachiwiri afunse ngati pali akaunti ya ophunzira kapena ya achinyamata. Mabanki ambiri ali ndi maakaunti otere, amene zodula zake n'zochepa kuposa za maakaunti a anthu a pantchito, chifukwa banki imadziwa kuti wophunzira wa lero ndiye wolandira malipiro wa mawa. Koma afunsenso kuti mwayi umenewu umatha liti. Kodi akamaliza sukulu, kapena akafika zaka zakutizakuti, akauntiyo idzasanduka yotani, ndipo idzayamba kudulidwa zingati? Asaiwale kunyamula chiphaso cha unzika, chimene Mmalawi amalandira akakwanitsa zaka 16, pamodzi ndi kalata kapena chiphaso cha ku sukulu. Amene sadafike zaka 18 kawirikawiri amafunika kupita ndi kholo kapena womuyang'anira.

Chachitatu afunse za ndalama imene iyenera kutsala mu akaunti nthawi zonse. Ndalama imeneyi ndi yake pa dzina, koma sangaitape pa tsiku la vuto, choncho aiwerenge ngati mbali ya mtengo wa akauntiyo. Afunsenso chimene chichitika ikachepera pa muyeso umenewo. Chachinayi afunse mtengo wa chinthu chilichonse chimene iye adzachite kawirikawiri: kutapa pa makina a banki yake, kutapa pa makina a banki ina, kutapa pa kauntala, kufunsa ndalama yotsala, kusamutsa ndalama kuchoka ku banki kupita pa foni, kulandira mauthenga, ndi kupanga khadi lina loyamba likatayika. Afunsenso ngati mitengo yolembedwayo ikuphatikiza msonkho. Chachisanu, chimene chikadapulumutsa mtsikana wa ku Dedza uja, afunse chimene chichitika akaunti ikakhala miyezi yambiri yosagwiritsidwa ntchito: kodi kudula kumapitirira, kodi imatsekedwa liti, ndipo kuidzutsa kumalira zingati?

Pali mtengo wina umene sulembedwa pa mndandanda uliwonse, ndiwo mtengo wa ulendo. Wophunzira wa ku Bunda, kapena wa sukulu ya sekondale yogonera komweko imene ili kutali ndi tauni, akakwera minibasi kapena kabaza kuti akaike K5,000, napereka K2,000 kupita ndi kubwera, wadulidwa kale koposa umo banki iliyonse ingamdulire. Choncho banki yotsika mtengo imene ili kutali ingathe kukhala yodula kuposa ina imene ili ndi wothandizira pa sitolo ya pafupi ndi sukulu. Ulendo, nthawi yoima pa mzere ndi phunziro limene laphonyedwa tsiku limenelo, zonsezi zilowe m'masamu.

Apa ena adzati: nanga bwanji osangosunga pa foni? Kuyambira pamene Airtel Money idayamba mu 2012 ndi TNM Mpamba mu 2013, anthu ambiri amene sadalowepo m'banki akhala ndi posungira ndalama m'thumba mwawo. Kwa wophunzira ubwino wake ndi woonekeratu: wothandizira ali pafupi, ndipo makolo angamtumizire ndalama tsiku lomwelo. Koma pa foni kudula kumadza potuluka, ndiye kuti potapa ndi potumiza, ndipo mitengo yake imaikidwa m'magulumagulu malinga ndi kukula kwa ndalama. Munthu amene atapa tindalama tochepa kasanu pa sabata amalipira kasanu. N'kwanzeru kuwerenga mndandanda umene umapachikidwa pa kanyumba ka wothandizira, ndi kutapa kamodzi ndalama yokwanira sabata yonse. Vuto lina la foni si la kampani ayi, ndi la mtima wa munthu. Ndalama ya pa foni ili pafupi kwambiri ndi chala. Usiku umodzi wosowa tulo ungaisandutse mayunitsi, kapena kuiponya m'masewera olosera mpira amene ameza ndalama za anyamata ambiri. Foni ndi chikwama chabwino, koma si nkhokwe.

Malo ena oyenera kuwaganizira ndi mabungwe osunga ndi kubwereketsa ndalama otchedwa SACCO, amene mgwirizano wawo waukulu, MUSCCO, udakhazikitsidwa mu 1980. Kusiyana kwa SACCO ndi banki n'kwakuti wosungitsa ndiye mwini wake. Phindu likapezeka pakutha pa chaka limagawidwa kwa mamembala. Koma nayonso ili ndi mafunso ake. Pali ndalama yolowera, ndipo pali masheya amene membala ayenera kugula, amene satapika msanga monga ndalama ya mu akaunti wamba. Wophunzira afunse kuti ndi gawo liti la ndalama yake limene angalitenge mawa, ndi liti limene lidzafuna kudikira. Afunsenso ngati bungwelo lili ndi chilolezo chochokera kwa Mlembi wa mabungwe a zachuma, udindo umene uli m'manja mwa Gavanala wa Reserve Bank of Malawi.

Sitingaiwale banki m'khonde, imene amayi athu ambiri akuidziwa bwino, ndi chipereganyu, chimene chakhala pakati pathu kuyambira kale. Njira ya banki m'khonde monga tikuidziwa lero idayambitsidwa ndi bungwe la CARE m'dziko la Niger mu 1991, ndipo idafalikira m'maiko ambiri a mu Africa. Ubwino wake ndi wakuti palibe kudula kwa pa mwezi, ndipo maso a anzako amakukakamiza kusunga ngakhale pamene ulesi wakugwira. Koma wophunzira adziwe kumene phindu la gululo limachokera: limachokera ku chiongoladzanja chimene mamembala omwewo amalipira akabwereka. Mayi wa geni amabwereka, nagula tomato, nagulitsa, nabweza ndi phindu. Wophunzira amene alibe geni akakakamizidwa kubwereka, adzadya ngongoleyo, ndipo pa tsiku logawana adzapeza kuti masheya ake apita kukabweza. Palinso zindapusa za kuchedwa ndi kujomba, ndipo ndalama siituluka kufikira nyengo yogawana itakwana. Gulu la ophunzira likafuna kuyamba zotere, ligwirizane kuti nyengo yake ithe teremu isanathe, onse akadali pamodzi, ndipo ndalama isakhale m'manja mwa munthu mmodzi popanda mboni ndi kaundula.

Ena mwa ophunzira athu, makamaka amene akuphunzira za chuma, amva za njira zokulitsira ndalama ndipo mitima yawo ikulakalaka. Pali akaunti yotsekera ndalama kwa miyezi yoikika, imene chiongoladzanja chake chimaposa cha akaunti wamba, koma imafuna ndalama yoyambira yokulirapo, ndipo woitapa nthawi isanakwane amataya gawo la phindu. Pali kubwereketsa ndalama ku Boma kudzera m'zikalata zotchedwa Treasury Bills, za masiku 91, 182 kapena 364. Pali mathumba ophatikiza ndalama za anthu ambiri, otchedwa unit trust, amene oyendetsa ake amadula gawo lawo chaka ndi chaka. Palinso masheya a makampani pa msika wa Malawi Stock Exchange, umene udayamba kugulitsa masheya mu 1996 ndi kampani ya NICO. Zonsezi ndi njira zovomerezeka, ndipo n'kwabwino kuti achinyamata azidziwe. Koma lamulo lathu lija ligwira ntchito panonso: afunse ndalama yoyambira, afunse chimene adulidwa polowa, chimene adulidwa chaka chilichonse, ndi chimene adulidwa potuluka. Pa masheya pali chinanso: mtengo wake umakwera ndi kutsika, ndipo palibe amene angalonjeze kuti udzakhala pati tsiku limene fizi ikufunika. Ndalama ya fizi, ya mayeso kapena ya lendi isapite kumeneko. Kumeneko kupite yokhayo imene mwini wake angaiiwale zaka zingapo.

Tikadalekera pamenepa tikadakhala titabisa mbali ina ya choonadi. Kupatula zodula za banki, pali nankafumbwe wina amene amadya ndalama ili chikhalire, ndiye kukwera kwa mitengo ya zinthu. Mu May 2022 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100, ndipo mu November 2023 idatsitsidwanso ndi magawo 44 pa 100. M'chaka cha 2024 mitengo ya zinthu, poiphatikiza chaka chonse, idakwera ndi magawo oposa 30 pa 100. Tanthauzo lake ndi ili: pa kukwera kwa magawo 30, chinthu chimene chinali K60,000 mu January chimakhala K78,000 January winayo. Chiongoladzanja cha K3 kapena K5 pa K100 sichingathamange liwiro limeneli. Ife amene tidaona tambala ikugula kanthu, ndipo mu 2022 tidaona ndalama ya pepala ya K5,000 ikutuluka, sitifunika wotiuza.

Kodi tsono kusunga n'kupusa? Iyayi. Koma tiyenera kudziwa chimene tikusungira. Wophunzira sasunga K5,000 pa mwezi kuti alemere nayo. Amasunga kuti pa tsiku la maliro, la matenda, la kutha kwa ufa kapena la kusindikiza pepala la kafukufuku, asagwade pamaso pa katapila. Katapila akafuna kuti wobwereka K20,000 abweze K30,000 pakutha pa mwezi, wadya m'masiku makumi atatu zoposa zimene kukwera kwa mitengo kungadye m'chaka chathunthu. Phindu lenileni la tindalama ta wophunzira ndi ngongole imene sadaitenge, foni imene sadaipinyolitse, ndi ulemu wa mtsikana amene sadakakamizidwe kupempha kwa munthu wa zolinga zoipa. Choncho ndalama yotere ifuna malo amene siidulidwa, ndi pamene ingapezeke tsiku lomwelo. Koma ngati cholinga ndi kugula chinthu chodziwika, monga buku, nsapato kapena kompyuta yophunzirira, nthawi ya kukwera kwa mitengo si yoti munthu azichedwa: ndalama ikangokwana, agule.

Kwa ophunzira amene amalandira ngongole kuchokera ku bungwe la Boma loona za ngongole za ophunzira a m'sukulu za ukachenjede, limene lidakhazikitsidwa mu 2015, tili ndi mawu apadera. Ndalama imeneyi imafika yambiri pa kamodzi, ndipo sabata yoyamba munthu amadziona ngati bwana. Tsiku limene yafika ndilo tsiku loigawa: ya lendi ilipiridwe pomwepo, ya chakudya igawidwe m'masabata a teremu, ndipo kagawo kochepa, ngakhale K1 pa K20 iliyonse, kapatulidwe kupita kumalo kumene chala sichifika msanga. Kusunga zotsala pakutha pa mwezi sikutheka, chifukwa sipatsala kanthu. Chosungika ndi chimene chapatulidwa poyamba. Ndipo asaiwale kuti ndi ngongole, imene adzaibweza akayamba ntchito kuti ang'ono ake nawonso adzaphunzire.

Tinenepo za chitetezo. Kuyambira mu 2023 dziko lathu lili ndi bungwe la Deposit Insurance Corporation, limene ntchito yake ndi kubwezera osungitsa ndalama, kufikira malire oikika, banki itagwa. Ichi ndi chifukwa chimodzi chosankhira banki ya chilolezo m'malo mwa munthu wongolonjeza. Pakuti masiku ano m'mafoni a ana athu mumalowa mauthenga a anthu amene amati ukaika K10,000 lero, udzalandira K20,000 sabata yamawa, makamaka ukabweretsa anzako. Oyamba kulowa amalandiradi, koma amalandira ndalama ya olowa pambuyo, ndipo tsiku limene olowa atha, mwini wake amazimitsa foni. Palibe malonda oona amene amabala chotero. Nambala yachinsinsi ya khadi kapena ya pa foni isauzidwe kwa wina aliyense, ngakhale bwenzi la pamtima, ngakhale woimba foni amene akudzitcha wa ku kampani. Ndipo wina akaona kuti wadulidwa mosayenera, ayambe wadandaula ku banki komweko molemba kalata, nasunga kope lake; akapanda kuthandizidwa, khomo la Reserve Bank of Malawi lili lotsekula kulandira madandaulo otere.

Kwa ife makolo, ntchito yathu si kungonena kuti mwanawe sunga. M'mera mpoyamba. Tikhale pansi ndi mwana, mndandanda wa zolipiritsa uli patsogolo pathu, tiwerengere limodzi. Ngati maso athu atopa kapena Chingerezi cha m'mapepalamo chatipitirira, mwanayo atiwerengere ndi kutimasulira, ndipo potero onse awiri tiphunzira. Mwina tidzadzidzimuka poona kuti ifenso takhala tikudulidwa zaka zambiri pa zinthu zimene sitizigwiritsa ntchito. Potumiza ndalama kwa mwana, titumize kamodzi yokwanira m'malo mwa tizidutswa tambirimbiri, popeza kadutswa kalikonse kali ndi mtengo wake potumiza ndi potapa. Ndipo mwana akasunga kanthu, tisakhale ife oyamba kukabwereka osabweza, pakuti mwana amene waona kuti kusunga kumangoitana opempha, sadzasunganso.

Tibwerere kwa mayi wa ku Dedza. Amayi, ndalama idapitayo kuibweza n'kovuta, popeza madzi akatayika saoleka. Koma mwana wanu asataye mtima, ndipo musamdzudzule, chifukwa chimene adachita, kugulitsa kachewere padzuwa ndi kupatula phindu lake, ndicho chovuta koposa, ndipo ambiri a msinkhu wake sachitha. Chimene chidasowa ndi funso limodzi pa kauntala. Apite ku banki kuja, apemphe chikalata choonetsa zonse zimene zidadulidwa, atafunsa kaye mtengo wa chikalatacho. Afunse ngati akaunti yake ingasinthidwe kukhala ya ophunzira. Ngati sizitheka, aitseke mwa dongosolo, asangoisiya, kuti kudula kuleke, ndipo akafune kwina atanyamula mafunso asanu aja. Tchuthi chikudzachi kachewere adzakhalaponso, ndipo pang'onopang'ono ndi mtolo.

Awerengi amene muli ndi mafunso ena okhudza chuma cha pa banja, tilembereni monga mwa nthawi zonse. Mwezi wamawa tidzakambirana za fizi ya teremu yoyamba, imene imafika pa nthawi yomwe feteleza nayenso akufuna ndalama.